ZA CIUNO NDI BONDO

Munthu wamkulu ali nao mafupa 206, koma lero tilingalire za ciuno ndi bondo.

Mwana pobadwa, mbali iri yonse ya ciuno cace iri ndi mafupa 3 osiyana. Pofika pa unyamata kapena unamwali, atatuwo alumikizana nakhala pfupa limodzi. Pokomana pao pali kadzenje konga mtondo, ndipo mutu wobulungira wa pfupa la ncafu ukhala m'menemo monga munsi. Mitsempha yolimba iumanga, madzi oterera naudzoza, kuti mwendo utembenuke wosaguluka. Pfupa la ncafu liposa onse kutalika, koma likaguluka m'kadzenjemo, mwini wace sakhoza kufika ngakhale kumunda.

Comweco Eklesia wa m'mudzi mwanu. Akulu, amai ndi anyamata akapatukana cifukwa ca mlandu wa malire kapena wa mbuzi, nchito ya Mulungu iribe potsamira, ndipo itsimphina.

Nanga bondo? Ilo lipindika njira imodzi yokha, ndi kafupa kobulungira kalicinjiriza kutsogolo. Bondo likauma, munthu sakhoza kugwada, kapena kukhala bwino pamphasa pamodzi ndi anzace.

Kumbukilani Yakobo pa Penieli. Atakhudzidwa m'ciuno anatsimphina, koma ali cotero anawerama pansi kasanu ndi kawiri pamaso pa Esau mbale wace, ndipo anayanjana.

Tsono inu amene muli naco cakukhosi, musadikire mnzanu ayambe ndiye. Mgonero wa Ambuye usanafike, pitani kwao, pindani bondo, nimupepese.