Aliyense Pampata Woyang'anana ndi Nyumba Yake

Kuwerenga: Nehemiya 3

Chaputala ichi ambirife timachidumpha, ndipo inenso ndachidumphapo. Ndi maina okhaokha, ena opinda lilime. Koma taonani amene anamanga linga la Yerusalemu lija. Panali wansembe wamkulu Eliyasibu. Panali Uziyeli wosula golide, ndi Hananiya wopanga zonunkhira, munthu wa manja osalala amene mwina anali asananyamulepo mwala. Salumu anabwera ndi ana ake aakazi. Ambiri anakonza pamene panayang'anana ndi nyumba zawo, ndipo m'masiku 52 mipata yonse inatsekeka.

Ndikutengereni kutali pang'ono, ku Australia, kumapiri a Atherton m'chigawo cha Queensland. Kumeneko kunali nkhalango yowirira, ya mvula yambiri. Anthu anaigwetsa kuti apeze matabwa ndi msipu wa ng'ombe za mkaka, mpaka inangotsala zigamba, china apa china apo, pakati pali udzu wokhawokha. Kwa ife udzu ndi njira yabwino. Kwa kanyama kokhala m'mitengo ndi chigwembe. Kuli mtundu wa kangaru umene umakwera mitengo n'kumadya masamba. Ukatsika kuti uwoloke, agalu ndi magalimoto amaudikira. Nyama zotsekeredwa m'chigamba chimodzi zimangoswana pachibale, mtundu n'kumafooka.

Mu 1982, mayi wina wodziwa zomera, Joan Wright, ndi katswiri wa nkhalango, Geoff Tracey, anayambitsa gulu la anthu ongodzipereka lotchedwa TREAT. Lachisanu m'mawa amakumana kunazale ya ku Lake Eacham. Sipakhala malipiro. Amatsuka njere, kuzifesa, kuika mbande m'machubu, n'kumwera limodzi tiyi. Dzinja likafika, ndipo lawo limagwa miyezi yofanana ndi lathu, amapita kukadzala. Kuyambira 1995 anathandiza kudzala mzere wa mitengo wotalika kupitirira pang'ono kilomita imodzi, m'mbali mwa kamtsinje kodutsa pafamu ya ng'ombe, kulumikiza nkhalango ya Lake Barrine ndi nkhalango yaikulu ya Wooroonooran. Nehemiya anatseka mpata kuti adani asalowe. Awa anautseka kuti zolengedwa za Mulungu zidutse.

Tsono mvetsani ichi, chifukwa n'chimene chandigwira mtima. Mitengo itakula n'kugwirana nthambi, mbalame ndi mileme zinayamba kutera. Zimadya zipatso kwina, n'kudzasiya njere pansi pa mitengo yatsopanoyo. Kunayamba kumera mitundu imene sinatuluke munazale, imene palibe dzanja la munthu linaidzala. Paulo anauza Akorinto kuti wodzala ndi wothirira si kanthu poyerekeza ndi Iye amene amakulitsa. Ku Atherton zinaoneka ndi maso, ndipo antchito amene Mulungu anawatuma anali mileme, imene ife timaigenda.

Koma mileme sitera pa udzu. Panafunika anthu opirira zaka zingapo, kupalira ndi kulimbana ndi udzu wa msipu umene umatsamwitsa mbande, kufikira mthunzi utauphimba. Apa ndiye pamene timagwera ife. Nyengo yodzala mitengo ikatsegulidwa mu Disembala, timabwera ndi zitenje zofanana, kwaya n'kuimba, zithunzi n'kujambulidwa. Mu Okutobala ndani amanyamula ndowa? Ndani amalimira moto? Mbuzi zokha ndizo zimakumbukira pamene tinadzala.

Nehemiya sanabise za otere. Pa vesi 5 analemba kuti akuluakulu a ku Tekowa anakana kuwerama pantchito. Manyazi awo akuwerengedwabe mpaka lero. Koma pitirizani kufika pa vesi 27: anthu wamba a ku Tekowa komweko anamaliza gawo lawo n'kutenganso lachiwiri. Ndipo Malikiya, amene anali wolamulira dera, anavomera kukonza chipata cha kudzala, kotulukira zinyalala. Sindikhulupirira kuti panali mzere wolimbirana chipata chimenecho.

M'bale wanga, mlongo wanga, mpata wako ukuudziwa. Mwina ndi gombe la mtsinje kumunsi kwa dimba lako, pamene unalima mpaka m'madzi. Mwina ndi mbande zija tinadzala kuseri kwa tchalitchi chaka chatha. Ndadutsako m'mawa uno. Zina zikadali moyo, koma udzu wazipitirira. Loweruka likubwerali ndidzakhalako ndi khasu langa dzuwa lisanatenthe.

Tiyeni tipemphere.