Tisanayankhe, Tiyambe Tanena Zimene Wolemba Wanena

Abwenzi, m'gulu lathu lophunzira kuno ku Thyolo nthawi zambiri munthu mmodzi yekha ndiye amawerenga nyuzipepala ya Chingerezi, ena tonse timamvera kwa iye. Taganizani za nkhani zokamba malipiro a otchola tiyi, monga zimene zinalembedwa mu 2016 pamene Tea Association of Malawi ndi bungwe la antchito la PAWU anasainirana pangano lawo loyamba. Wowerenga uja akangoti "akuti antchito ndi adyera" kapena "akuti eni minda ndi akuba", pamene wolembayo sanatero, timabwerera kumalaini titakwiyira munthu pa mawu amene sanalankhule.

Kufupikitsa nkhani n'kusankha, monga potchola timatenga masamba awiri ndi kansonga. Koma tonse tikudziwa dengu lodzazidwa masamba okhwima kuti lilemere pasikelo. Wofupikitsa nayenso akhoza kutola mawu omukomera okha, n'kusiya zifukwa za wolemba.

Apa pali zolakwa ziwiri. Choyamba, Bahá'u'lláh analetsa miseche, ndipo kupotoza mawu a munthu amene palibe ndi miseche ndithu, ngakhale sitidzakumana naye. Chachiwiri, aliyense ali ndi udindo wofufuza choonadi payekha. Mayi amene sadziwa Chingerezi tikamupatsa nkhani yopindika, tamulanda mwayi woweruza ndi nzeru zake.

Buku loyamba la Ruhi latizoloweza kale njira yabwino: timayamba tamvetsa zimene ndime ikunena tisanaonjezepo maganizo athu. Tichite chimodzimodzi ndi nyuzipepala. Tiwerenge nkhani mpaka kumapeto, kawiri. Tinene mfundo yaikulu m'ziganizo zitatu kapena zinayi, pamodzi ndi zifukwa zake komanso kumene manambala achokera. Kenako tidzifunse: wolembayo akanakhala nafe pamphasa pano, akanavomera kuti ndi zimene ananena?

Akanavomera, tsopano tiyankhe. Tinene poyera kuti "kuyambira apa ndi maganizo anga." Titchule pamene tikugwirizana naye, kenako pamene tikusiyana, ndi umboni wa zimene taona tokha m'munda kapena kufakitale. Kutsutsa sikulakwa. Kukambirana kumafuna maganizo osiyana, bola aliyense atsutse zimene mnzake wanenadi.

Sabata yamawa aliyense abwere ndi nkhani imodzi imene sakugwirizana nayo. Adzaifotokoze mwachilungamo moti ife omvera tisadziwe mbali yake mpaka atayamba kuyankha.