Bambo Wodwala Shuga Akafunsa Kuti “Ndimwe Mowa Uti?”



Tsiku lina titatha mapemphero, mayi wina anatikokera pambali nati: “Amayi, inu munali anamwino. Abambo kunyumba anawapeza ndi shuga ndipo akumwa mapiritsi, koma mowa akukana kusiya. Andituma ndikufunseni kuti pakati pa Chibuku, wa m’botolo ndi kachasu, wabwinoko ndi uti.” Mnzathu wina amene anamva nawo anayankha msanga kuti funso lotere si lofunsa pabwalo la tchalitchi, ndipo yankho lake ndi limodzi: asiye basi.

Funsoli latisowetsa tulo. Kodi tikaliyankha ndiye kuti tavomereza uchidakwa? Nanga tikakhala chete, bambowo nkufa, tidzanena kuti manja athu ndi oyera?

Nkhaniyi si ya banja limodzi. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita pamodzi ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti pa anthu 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 m’Malawi muno, pafupifupi 6 anali ndi shuga. Ena mwa iwo ndi amuna athu, alongo athu, ngakhale ife tomwe.

Tiyambe ndi zimene mowa umachita m’thupi. Munthu akakhala nthawi osadya, chiwindi chimatulutsa shuga pang’onopang’ono kuti ubongo usasowe chakudya. Mowa ukalowa, chiwindi chimatanganidwa ndi kuuchotsa, ntchito yotulutsa shuga ija nkuchepa. Koma jakisoni wa insulin ndi mapiritsi a glibenclamide sadziwa kuti munthu wamwa. Amapitiriza kutsitsa shuga, ndipo angathe kutsika koopsa pakati pa usiku kapena m’mawa mwake, ngakhale patapita maola 24. Kwa amene amamwa metformin, mowa wambiri ungabweretse vuto lina loopsa la asidi m’magazi. Kumwa kwa zaka zambiri kumaononganso kapamba, kumakweza BP, ndi kuonjezera dzanzi la kumapazi limene odwala shuga amadandaula nalo.

Choopsa kwambiri n’chakuti munthu amene shuga wamutsikira amaoneka ngati woledzera. Amadzandira, amalankhula zosamveka, amachita thukuta, amanjenjemera, mwina amakalipa, kenako amakomoka. Tili pantchito tinalandirapo msodzi wina amene anagulitsa bwino usipa, namwa kachasu tsiku lonse osadya kanthu. Anagwa pamchenga madzulo, ndipo anthu ambiri anamudutsa akunena kuti, “Musiyeni, zimuthera yekha.” Anamubweretsa kutacha. Tinamuika diripi ya shuga, koma ubongo unali utaonongeka kale, ndipo sanadzukenso. Pakati pa anthu amene anamudutsa panali amayi opemphera ngati ife.

Tsono tibwerere ku funso lija. Amene amati tisayankhe ali ndi mfundo, ndipo sitikuipeputsa. Tonse tikudziwa ndalama za ufa zimene zathera pa mowa, ndi amayi amene amenyedwa usiku. Tikukumbukira mmene timasacheti tinaonongera anyamata athu mpaka boma linatiletsa mu 2015. Mu January 2023 bungwe la WHO linanena poyera kuti palibe mlingo wa mowa umene ungatchedwe wosaononga thupi. Komanso munthu wokonda mowa amamva zimene akufuna kumva. Mukamuuza kuti botolo limodzi, iye amva kuti mwamulola.

Komabe taganizirani za bambo aja. Mowa akumwa kale, ndipo sanadikire chilolezo chathu. Tikakana kuyankha, akafunsa anzawo kumowa, ndipo kumeneko adzauzidwa kuti kachasu ndi wabwino chifukwa alibe shuga, mwinanso kuti amachiza shuga popeza amamutsitsa. Bodza limeneli ndi limene limagwetsa anthu pamchenga. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula. Bambowa afunsa. Akadya phula atafunsa, mlandu sukhala wawo okha.

Ife tikuona kuti kunena zoona si kuvomereza. Namwino akamatsuka bala la munthu amene wavulala pa ndewu, sikuti wavomereza ndewuyo. Akusunga moyo kuti munthuyo adzakhale ndi mpata wosintha, pakuti wakufa salapa. Choncho mayi uja tinamuyankha motere.

Choyamba, palibe mowa wabwino kwa wodwala shuga, ndipo kusiya ndiye njira yabwino koposa. Amene ali ndi vuto la chiwindi, impso kapena kapamba, amene ali ndi dzanzi kumapazi, amene shuga amawatsikira kawirikawiri, ndi mayi woyembekezera, asalawe n’komwe. Chimodzimodzi munthu amene akayamba satha kulekeza.

Chachiwiri, mowa umasiyana kuopsa kwake. Kachasu ndiye woopsa kwambiri, chifukwa mphamvu yake siidziwika ndipo anthu amamwa pamimba yopanda kanthu. Masese ndi Chibuku ali ndi phala la chimanga, choncho amayamba akweza shuga, kenako nkudzamutsitsa usiku, ndipo chipaketi chimodzi ndi lita yathunthu. Vinyo wotsekemera ndi mowa wosakaniza ndi Coca-Cola amakweza shuga msanga. Wa m’botolo kusiyana kwake n’kwakuti mlingo ndi mphamvu yake zimalembedwa, munthu angathe kuwerenga. Bungwe la American Diabetes Association limalangiza kuti amene akumwabe asapyole muyeso umodzi pa tsiku ngati ali mkazi, iwiri ngati ali mwamuna. Muyeso umodzi uli ngati botolo limodzi laling’ono, ndipo si wosunga sabata yonse kuti udzamwedwe pamodzi Loweruka.

Chachitatu, asamwe asanadye nsima kapena kondowole ndi ndiwo, ndipo adyenso kanthu asanagone. Asakwere bwato atamwa. Aziyenda ndi masiwiti m’thumba, ndipo anzawo adziwe kuti ali ndi shuga. Akapita kukatenga mankhwala pa chipatala cha Chintheche kapena ku Nkhata Bay, akanene zoona za mowa umene amamwa, ndipo asasiye mapiritsi mwa okha pofuna kumwa.

Chachinayi ndi cha ife tonse. Mukapeza munthu wodwala shuga akuoneka ngati waledzera, musamuweruze ndi fungo. Ngati muli ndi makina oyezera, shuga wa pansi pa 70, kapena 3.9 pa makina ena, ndi wotsika. Ngati akutha kumeza, mupatseni masupuni aang’ono 3 kapena 4 a shuga m’madzi, kenako chakudya. Ngati wakomoka musamuthire kanthu m’kamwa. Mugonekeni cham’mbali, funani galimoto msanga, ndipo kuchipatala mukanene kuti ali ndi shuga komanso wamwa mowa. Anzathu a ku Usisya, kumene ulendo ndi wovuta, asadikire kuti kuche.

Ena afunsanso za chikho cha pa Mgonero. Kadontho kamene timalawa paguwa n’kochepa kwambiri moti sikangasinthe shuga wa munthu. Koma tisanaloze chala amuna athu, tiyang’ane zimene timagawa pa maukwati ndi pa misonkhano. Botolo la Coca-Cola la mamililita 300 lili ndi shuga wokwana masupuni aang’ono pafupifupi 8, ndipo thobwa lathu timalithira shuga osayeza. Mlendo wodwala akakana, timamukakamiza kuti asatichititse manyazi. Kodi pamenepa tikusiyana bwanji ndi mnzake wa kumowa amene amati, “Limodzi lokha”? Tiziikako madzi abwino ndi tiyi wopanda shuga, ndipo wokana tizimulemekeza.

Mayi uja anapita ndi yankho lonse, osati theka. Bambo ake sanasiyiretu, ndipo tikuwapemphererabe kuti adzasiye. Koma kachasu analeka, ndipo sachokanso pakhomo asanadye.

Amayi, nkhaniyi mukaikambirane m’magulu mwanu, ndipo wofunsa musamubweze. Ambuye akusungeni pamodzi ndi mabanja anu.