Kodi Kufunsa Makaniko N'kuchepa Chikhulupiriro?

Mu mpingo mwathu, munthu akagula galimoto amabwera nayo kutchalitchi, ndipo mapemphero akatha ife akulu a mpingo timatuluka panja kukaipempherera. Mwambo umenewu ndimaukonda. Chimene chimandisowetsa mtendere ndi yankho limene ndimalimva kawirikawiri ndikafunsa mwini wake kuti, "Achimwene, nanga masipeya ake amapezeka kuno?" Amaseka n'kunena kuti, "Bambo mkulu, amene wandipatsa ndi yemweyo adzaisamala." Mawuwa amamveka achikhulupiriro, moti wofunsa amaoneka ngati wokayika. Koma ine ndimakhulupirira kuti kufufuza galimoto usanaigule ndi mbali ya kuopa Mulungu, ndipo kusafufuza ndi kumuyesa.

Galimoto zambiri zimene timati zatsopano kuno zinayenda kale ku Japan. Kumeneko lamulo limati galimoto iyesedwe ikakwana zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo kuyesetsako kumadya ndalama, n'chifukwa chake eni ake ambiri amangoigulitsa. Imakwera sitima mpaka Dar es Salaam, n'kulowa m'dziko muno pa Songwe, n'kutsika ndi msewu wa M1 kudutsa Karonga ndi mapiri a Chiweta. Wogula amakhala ataiona pa foni pokha: utoto wonyezimira, mipando yoyera, makilomita ochepa. Chithunzi sichimuuza kuti galimotoyo inapangidwira tala wosalala, kuti ndi yaifupi pansi, ndiponso kuti mvula ikagwa msewu wa kumudzi kwawo udzaikwapula pamimba.

Zimenezi amazidziwa ndi makaniko. Ndimakonda kuonerera bambo wina wa galaja ku Biwi akamayesa galimoto. Sathamangira kuiliza. Amayamba wagwada n'kusuzumira pansi kuona ngati pali podontha. Kenako amasolola kachitsulo koyezera oyilo, n'kupaka oyiloyo pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, n'kununkhiza. Akailiza amapendeketsa mutu ngati akumvetsera mwana wodwala chifuwa. Iyeyu ndi amene anandiphunzitsa kuti galimoto zing'onozing'ono zambiri za masiku ano, monga Honda Fit, Nissan Note ndi Toyota Sienta, zimabwera ndi giyabokosi ya CVT, imene imafuna oyilo wakewake. Ukathiramo wa giyabokosi ya otomatiki wamba, waiyamba dala. Anandiuzanso kuti galimoto ya hybrid imapulumutsadi petulo, koma wogula ayambe wafunsa mtengo wa batire yake yaikulu ndi munthu amene angaikonze m'boma lakwawo. Ndipo ukamufunsa chifukwa chake anthu amakakamira Corolla, amakulozera mashelefu a ogulitsa masipeya. Galimoto imeneyi inayamba kupangidwa mu 1966, ndipo zoposa 50 miliyoni zagulitsidwa padziko lonse. Ikafera pa Jenda kapena pa Balaka, pamapezeka munthu amene anaimasulapo kale.

Kodi nzeru za bambo ameneyu zinachokera kwa yani? Timaphunzitsa ana kuti mphatso iliyonse yabwino imachokera kumwamba. Ngati zili choncho, ndiye kuti khutu la makaniko nalonso ndi mphatso, ndipo amene amalinyalanyaza n'kumati akudalira Mulungu wakana thandizo limene Mulunguyo anamuikira pafupi. Safunsa anadya phula.

M'chilamulo cha Mose muli lamulo limene sitilalikira kawirikawiri. Pa Deuteronomo 22, womanga nyumba yatsopano akulamulidwa kumanga kampanda kuzungulira denga. Madenga a kumeneko anali afulati, anthu ankakhalapo ndi kugonapo, ndipo wina akagwa, mlandu wa magazi unkakhala pa nyumbayo. Mwini nyumba sakanatha kudziteteza ponena kuti anaipempherera. Lamuloli linkateteza mlendo, mwana wa mnansi, aliyense wokwera padengapo.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kwathu kuno galimoto siikhala ya munthu mmodzi. Ukangoigula, usiku wina anthu adzagogoda pakhomo pako chifukwa mayi wa nyumba yoyandikana nawe matenda amuyamba. Idzanyamula ufa ndi nkhuni za pamaliro, idzapita ndi ankhoswe ku chinkhoswe, idzatenga amayi a chigwirizano kupita nawo kumsonkhano. Onsewa sanakhale nawe posankha, koma akukwera m'chimene unasankhacho. Ikakana kulira usiku umenewo chifukwa kachipangizo kake kakudikiridwa kuchokera ku Dubai, amene akuvutika ndi mayi uja. Choncho funso lakuti "ikawonongeka idzakonzeka msanga?" ndi kampanda kako ka padenga. Ndi funso la chikondi cha pa mnansi.

Banja nalonso lili momwemo. Mu November 2023 ndalama ya kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo chilichonse chogulidwa ndi madola chinakwera nthawi yomweyo. Yendani m'makwalala a Area 25 kapena Chilomoni, mudzaona galimoto zokongola zitakhazikidwa pa njerwa, udzu utamera pansi pake, eni ake akubwezabe ngongole. Ndalama imeneyo ikanalipira fizi ya ana.

Abale ena amanditsutsa ndi mawu a Yesu a pa Mateyu 6 oletsa kudera nkhawa za mawa. Ndimawamva, ndipo mawuwo ndi oona. Koma nkhawa ndi kukonzekera n'zosiyana. Nkhawa imazunguza mutu pa zimene sungazisinthe. Kukonzekera kumagwira ntchito pa zimene zili m'manja mwako. Yosefe anasunga tirigu zaka zisanu ndi ziwiri ku Igupto, ndipo palibe amene amamutcha wopanda chikhulupiriro. Yesu yemweyo, Satana atamuimika pamwamba pa Kachisi n'kumuuza kuti adziponye pansi poti angelo amuwakha, anakana. Anzathu achisilamu nawonso amasimba za munthu amene Mtumiki Muhammad anamulangiza kuti ayambe wamanga ngamira yake, kenako adalire Mulungu.

Kufufuza kuli ndi malire ake, ndipo ndimawavomereza. Corolla yosamalidwa bwino imathanso kukumana ndi thiraki yoduka mabuleki pa Linthipe. Tayala latsopano limaphulika. Palibe makaniko amene angakulonjeze kuti ukafika. Pamenepo ndi pamene pemphero lili ndi malo ake enieni, pa zimene diso la munthu silingaone ndi zimene dzanja lake silingaletse. Pemphero lotere limachokera mumtima wodzichepetsa, umene wachita mbali yake n'kuzindikira kuti mbaliyo ndi yaing'ono. Limasiyana kutali ndi pemphero lopempha Mulungu kuti aphimbe ulesi wathu kapena mtima wofuna kuoneka.

Choncho m'bale wanga amene mukusunga ndalama ya galimoto, musanatumize ngakhale tambala, pitani kugalaja ndi dzina la galimotoyo, chaka chake ndi mtundu wa injini yake. Funsani ngati masipeya ake ali m'dziko muno, mtengo wake, ndi amene amaidziwa kuikonza kufupi ndi kwanu. Funsaninso amene ali nayo kale. Akakuuzani kuti isiyeni, isiyeni ngakhale mtima ukuwawa, pakuti anthu amene adzakweremo adzakhala atakukhulupirirani ndi moyo wawo.