Bambo amene sakukumbukanso mwana wake

M'bandakucha uno tiyeni tiganizire pang'ono za banja lina la ku Tehran.

Mufilimu ya A Separation, imene Asghar Farhadi anatulutsa mu 2011, Simin akufuna kuchoka ku Iran kuti mwana wawo Termeh akakulire kunja. Mwamuna wake Nader akukana. Bambo ake akalamba, matenda a Alzheimer awaiwalitsa zonse, ndipo iye sangawasiye okha.

Amene amandigwira mtima kwambiri ndi Razieh, mayi wosauka komanso woyembekezera, wolembedwa ntchito yosamalira agogowo. Tsiku loyamba lomwe, agogo adzikodzera. Razieh ndi wopembedza kwambiri. Akuimba foni kwa odziwa malamulo a chipembedzo, kufunsa ngati ndi tchimo kusambitsa mwamuna amene si wachibale. Kenako akuwasambitsa, n'kuwasintha zovala.

Farhadi saweruza munthu. Aliyense ali ndi chifukwa chake chomveka, ngakhale pamene akunama. Mu 2012 filimuyi inakhala yoyamba ya ku Iran kupambana mphoto ya Oscar, ndipo inayeneradi.

Ngati kwanuko kuli wina amene akusamalira nkhalamba yodwala chonchi, mufunseni lero kuti wagona bwanji, ndipo mumulandireko ntchitoyo.