Alendo a pa Mpendadzuŵa

Tikamadutsa m'minda ya ku Mchinji kapena ku Kasungu pa nyengo imene mpendadzuŵa wamasula, maso athu amakopeka ndi chikasu chake. Koma tikaima ndi kupenyetsetsa duŵa limodzi, tidzaona kuti pasonkhana alendo ambiri, ndipo onsewo adzera chinthu chimodzi, ndicho kudya.

Chimene timachiyesa duŵa limodzi ndi mudzi wa timaluŵa mazanamazana, timene timamasula kuyambira m'mphepete kuloŵera pakati. Kaduŵa kalikonse kayenera kulandira mungu kuti kabale njere. Njuchi ikamatera pamenepo siidza ndi mtima wothandiza mlimi ai. Ifuna timadzi totsekemera ndi mungu kuti ikadyetse ana kumng'oma. Komabe poyendayenda imatenga mungu pa ubweya wake nkukausiya pa timaluŵa tina. Kumene njuchi zasoŵa, mlimi amakolola mphwepwa zambiri.

Pa duŵa lomwelo pamabisala mbozi, ija imaboolanso thonje, matimati ndi nandolo. Imachokera ku mazira a kagulugufe kouluka usiku, ndipo ikamakula imadya njere zanthete, nkusiya mabala amene amaoletsa mutu wa mbewuyo. Kunsi kwa masamba nsabwe zimayamwa madzi a chomeracho, pamene kachikumbu kofiira ka madontho akuda kamadya nsabwezo, motero kamateteza munda osadziŵa.

Tsono nchifukwa ninji njuchi timaitcha bwenzi, mbozi nkuitcha mbala, chonsecho zonse ziŵiri zikudya zimene sizidabzale? Kusiyana kwake sikuli pa kudya, koma pa chimene chilichonse chimasiya chikachoka. Njuchi imasiya njere. Mbozi imasiya zoola.

Apa tiyenera kudzifunsa tokha, pakuti nafenso ndife alendo. Palibe mmodzi wa ife amene adayamba kudya za m'munda wolima yekha. Tidadya thukuta la makolo, nzeru za aphunzitsi, ndi mthunzi wa mitengo imene ena adabzala. Kulandira sikochititsa manyazi. Chochititsa manyazi nkuchoka pa banja, pa ntchito kapena pa udindo titasiya malowo ali ofooka kuposa m'mene tidaŵapezera. Kalaliki amene amalandira malipiro ake natumikira anthu mokhulupirika, ndi mnzake amene amafuna kangachepe asanasaine kalata ya mayi wamasiye, onse aŵiri amadyera pa tebulo limodzi la ofesi. Koma anthu amadziŵa amene ali njuchi.

Mlimi nayenso ali ndi mlandu woti aŵeruze. Akaona mbozi, mtima umamuuza kuti apopere mankhwala munda wonse nthaŵi yomweyo. Koma mankhwala ambiri sasankha nkhope: amapha mbozi, njuchi ndi kachikumbu pamodzi. Nchifukwa chake alangizi amati ngati kupopera nkofunikadi, tizipopera madzulo njuchi zitabwerera kwawo. Ifenso kaŵirikaŵiri, munthu mmodzi akatilakwira, timadana ndi banja lake lonse kapena mtundu wake wonse, nkumadzitonthoza ndi mwambi uja wakuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Potero timapirikitsa ndi amene akadatibalitsira munda.

Choncho tisanaloze chala mlendo chifukwa choti akudya, tiyambe tadikira tione chimene asiye. Ndipo ife eni, pochoka pamene tadyera, titembenuke tione ngati tasiyapo njere kapena mabala.