Kodi Mwana wa Mnzako Ngwako Liti?

Pa tchuthi chapitachi ndinamva mwana akulira kuseli kwa mpanda wathu, kulira kosiyana ndi kwa masiku onse. Ndinali pakhonde, buku lili m'manja, ndipo ndivomere pamaso pa anzanga kuti sindinadzuke. Mumtima ndinati za eni n'za eni. M'mawa mwake tinamva kuti mai wake anamuviika dzanja m'madzi owira chifukwa chotapa usipa mumphika. Mwanayo ali ndi zaka 4, mai wake 19. Bambo anapita ku Joni, ndipo chino n'chaka chachiwiri kuli zii.

Tonse tinakula ndi mwambi uja wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Koma taonani nthawi imene timaukumbukira. Timaukumbukira pofuna womutuma kudambo, pomukwapula ataba mango, ndiponso akapeza ntchito m'tauni, pakuti mwambiwo umathera pa kudya naye. Tsiku loti mwanayo akukuwa m'manja mwa kholo lake, ubale uja umatha, mpanda wa tsekera n'kusanduka linga. Mawu amadutsa bwino lomwe pampandapo; chimene chimakanika kudutsa ndi mapazi athu.

Ena adzati nanga boma lilipo bwanji. Zoonadi malamulo alipo. Mu 2010 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo losamalira ndi kuteteza ana, mu 2015 inaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anakonzedwa kuti aliyense wosakwana zaka 18 adziwike kuti ndi mwana. Pali nambala ya lamya ya 116 yokanenako nkhanza. Ku Dedza, Inkosi Theresa Kachindamoto anathetsa maukwati a ana mazanamazana, naimitsa mafumu amene ankawavomereza. Komatu lamulo lilibe khutu, ndipo siligona kuseli kwa nyumba ya munthu. Limadikira wina amene wamva kuti anyamuke.

Pamudzi anthu anagawanika. Achinyamata anati apite kupolisi basi. Akuluakulu ena anati tisadzivule pagulu, tikanene kuchipatala kuti mwana anagwera pamoto. Awa sindingawavomereze ngakhale pang'ono, chifukwa chimene ankatchinjiriza ndi mbiri ya mudzi, ndipo mtengo wa mbiriyo ankati alipire ndi mwana wa zaka 4. Koma achinyamata nawo sanayankhe funso la agogo anga: mukam'manga, wakhanda ali kumsanayo ayamwa kwa yani? Ine ndikuwonjezerapo lina. Mtsikanayu pokwatiwa asanakwane zaka 15, ndani sanadye nsima ya ukwati wake? Tinalulutira, kenaka tinamusiya ndi ana awiri, nkhokwe yopanda kanthu ndi mwamuna wotchona. Sindikuti njala imachotsa mlandu. Osauka ambiri saotcha ana ao. Ndikungoti dzanja limene linagwira mwanayo ndi limodzi, koma amene anasonkhezera moto tilipo ambiri.

Amene anadula nkhani ndi mai wina wachikulire, wosadziwa n'kulemba komwe. Anabereka mwanayo kumka naye kuchipatala, ndipo atafunsidwa ananena zoona. Atabwerako anakagwada kwa amfumu kuti aitane ankhoswe a mbali zonse ziwiri, akuchimuna afotokoze za mwana wao wosatumiza kanthuyo. Wogwira ntchito yoteteza ana anabwera kuchokera kuboma, nkhani n'kulowa m'buku. Mwana anayamba wakagona kwa azakhali ake. Amai anagawana masiku: uyu kukatunga madzi, uyu kulera wakhanda, uyu kungokhala naye pamphasa madzulo. Sindidziwa buku la nzeru limene tawerenga pano lomwe likanandiphunzitsa kuchita zonsezi pamodzi, kuulula munthu ndi kumusinjira mphale sabata yomweyo.

Mpaka lero mtsikanayo sapereka moni kwa mai wachikulire uja, ngakhale ufa amalandira.

Tsiku lobwerera kuno kukoleji ndinakumana ndi mwanayo akuchokera kumkombaphala. Zala ziwiri za kumanja sizipindika. Ndinamupatsa siwiti, iye n'kulandira ndi dzanja lamanzere, ndipo bambo wina wodutsa panjinga anamukalipira kuti alibe mwambo.